Mgwirizano umene oyendetsa ndege a United anaukana, ndi umene anadzauvomera

Pa 1 Novembala 2022 zotsatira za voti ya oyendetsa ndege a kampani ya United Airlines ku America zinatuluka. Mwa anthu pafupifupi 10,000 amene anavota, 94 pa 100 alionse anakana mgwirizano umene komiti yawo yomwe inabwera nawo kuchokera kokambirana ndi mabwana. Mgwirizanowo unkakweza malipiro ndi 14.5 peresenti m'miyezi 18. Miyezi 11 isanakwane bwino, anthu omwewo anavomera mgwirizano wina wokweza malipiro mpaka 40 peresenti pa zaka zinayi.

Ndinakhalapo m'komiti yokambirana m'malo mwa oyendetsa ndege pa kampani ina yocheperapo ya m'dziko lomwelo, ndipo nkhani ya ku United ndi imene ndimayamba kuyala patsogolo pa aliyense wolowa kumene m'komiti. Ambiri amaimva mopotoka, amati ukangokana basi amakuonjezera. Ine ndimaona kuti nkhaniyi ndi ya nthawi: ndani akupweteka tsiku lililonse limene likudutsa popanda kusaina, ndipo komiti ikudziwa bwanji zimene anthu ake angadikire ndi zimene sangadikire.

Lamulo limene limamanga manja

Oyendetsa ndege ku America sali pansi pa lamulo la ntchito la anthu a m'mafakitale ndi m'masitolo. Awo ndi Railway Labor Act, lamulo la 1926 lolembedwera ogwira ntchito m'sitima zapamtunda, limene mu 1936 linatambasulidwa kuti likhudzenso makampani a ndege. Mtima wa lamuloli ndi wakuti maulendo asaime. Choncho mgwirizano sutha ntchito ayi. Tsiku lolembedwa kumapeto kwake limangotanthauza kuti tsopano mukhoza kuukonza, ndipo likadutsa musanamvane, zonse zimapitirira momwe zinalili, malipiro omwewo, malamulo omwewo. Ku United tsikuli linakwana mu Januwale 2019, ku Delta kumapeto kwa 2019, ku American kumayambiriro kwa 2020.

Njira yopita ku sitiraka ndi yaitali mwadala. Mumayamba kukambirana nokha. Zikakanika, mbali imodzi imaitana National Mediation Board, bungwe la boma lokhazikitsidwa mu 1934, ndipo limatumiza mkhalapakati. Palibe malire a nthawi imene mkhalapakatiyo angakusungeni. Ndi bungwelo lokha limene limagamula kuti apa zavutadi. Likatero limapempha mbali zonse kuti zilole woweruza wapadera athetse nkhaniyo, ndipo wina akakana pamabwera masiku 30 oziziritsa mitima. Pamenepo pulezidenti wa dziko akhoza kusankha gulu lofufuza, zomwe zimaonjezera masiku ena pafupifupi 60. Mu Febuluwale 1997 oyendetsa ndege a American anayamba sitiraka pakati pa usiku, ndipo pulezidenti Bill Clinton anaiimitsa patangodutsa mphindi zowerengeka. A Spirit Airlines anakwanitsa kunyanyala masiku asanu mu Juni 2010, koma zoterezi n'zapatalipatali kwambiri.

Mabwana amadziwa zonsezi. Mwezi uliwonse umene malipiro akale akupitirira ndi ndalama yotsala m'thumba la kampani, ndipo sitiraka imene mukuopseza nayo ili kutali ngati mwezi wakumwamba. Ntchito ya komiti ndiye kupeza njira zina zochititsa kuti kuchedwa kuyambe kuwawa mbali inayo.

Juni 2022

Mliri wa COVID-19 utabwera mu 2020, zokambirana zonse zinaima. Boma linathira ndalama m'makampani kuti asachotse anthu, oyendetsa ndege ambiri akale anapuma msanga, ndipo ku United, mu Seputembala 2020, anzathu anavomera kuchepetsa maola kuti anthu pafupifupi 2,850 asatumizidwe kunyumba. Pofika 2022 zinthu zinatembenuka. Okwera anabwerera mwaunyinji, oyendetsa anaperewera. Munthu sangalowe m'chipinda choyendetsera ndege ya kampani asanakwanitse maola 1,500 (pali njira zochepa zofupikitsira), ndipo akakwana zaka 65 ayenera kupuma. Woyendetsa ndege sapangidwa m'sabata imodzi. Mitengo ya zinthu nayo inali itakwera ndi 9.1 peresenti pa chaka mu Juni 2022.

M'mwezi womwewo nthambi ya United ya ALPA, bungwe loimira oyendetsa ndege, inalengeza kuti yamvana ndi kampani. Unali mgwirizano waufupi, wa zaka ziwiri, wokhala ndi 14.5 peresenti ija, kuonjezera malipiro a ovataimu, komanso masabata 8 olipidwa kwa amayi oyembekezera. Kunena zoona, pa pepala nzeru yake inalipo: tenga ndalama msanga, usamangike zaka zambiri, ubwerere pa tebulo msika ukadali wotentha. Ndikanakhala m'komiti imeneyo sindikuganiza kuti ndikanaponya mwala.

Koma wotsogola ndi amene amaponda minga. Makampani akuluakulu a ku America amayang'anizana malipiro, ndipo amene wasaina poyamba amakhala poyambira pa anzake onse. Sabata isanathe, mkulu wa American, Robert Isom, analonjeza oyendetsa ndege ake pafupifupi 17 peresenti. Mgwirizano wa ku United unakalamba inki isanaume. Bungwe linaimitsa voti, linabwerera kwa mabwana, ndipo miyezi inayamba kupita. Mu Okutobala a Alaska Airlines anavomera wawo wokhala ndi kukweza kokulirapo. Pa 31 Okutobala a Delta analengeza voti yawo yololeza sitiraka. M'mawa mwake a United anakana, ndipo sabata yomweyo atsogoleri a APA, bungwe la oyendetsa ndege a American, anakananso 19 peresenti imene inali pa tebulo lawo.

Chiwerengero cha 94 chija chimanena zambiri kuposa za ndalama. Mgwirizano ukakanidwa ndi anthu 55 pa 100, ndiye kuti mwaphonya pang'ono. Ukakanidwa ndi 94, komiti ndi anthu ake anali atasiyana njira kalekale.

Zimene ndinaziona ndekha

Apa ndipatukeko pang'ono, chifukwa kusiyana njira kumeneku ndinakulawa. Titamaliza kukambirana pa kampani yathu, tinayenda m'mizinda yonse imene oyendetsa athu amakhala kukafotokoza mgwirizano. Tsiku lina tinali m'chipinda cha hotela pafupi ndi bwalo la ndege, anthu atakhala ndi mayunifolomu, zikwama zamateyala zitafoledwa m'mbali mwa khoma. Ndinatha theka la ola ndikuonetsa manambala a malipiro a pa ola, ndege iyi zakuti, ndege iyo zakuti. Nditamaliza, mayi wina wothandizira kaputeni, wa zaka zochepa pa ntchito, anakweza dzanja.

"Akaputeni, zandalamazo tamva. Koma tandiuzani, tsiku langa lomaliza la reserve, angandipatse ulendo wondibweza kunyumba mawa lake, lomwe ndi tsiku langa lopuma?"

Ndinayankha kuti kampani yalonjeza kupewa zimenezo. Anatsegula tsamba, nawerenga mokweza: "Kampani idzayesetsa." Kenako anandiyang'ana. "Mgwirizano wakale umati kampani sidzatero. Mwagulitsa liwu limeneli pamtengo wanji?"

Chipinda chinati zii. Liwulo tinalisintha usiku wina cha m'ma 2 koloko posinthanitsa ndi kandalama kena, ndipo tonse m'komitimo tinali makaputeni akale amene reserve tinaisiya zaka zambiri zapitazo. Munthu wa reserve alibe ndandanda ya maulendo ake. Amakhala pafupi ndi foni kudikira kuitanidwa, ndipo ambiri amakhala mumzinda wina n'kumakwera ndege kubwera kuntchito. Kwa iye tsiku limodzi lopuma likadyedwa, ndiye kuti mwana sanamuone sabata imeneyo. Ife tinkawerenga madola, iye ankawerenga masiku.

Anthu akunja amaona peresenti yokha, koma woyendetsa ndege amalipidwa pa ola la ulendo, kuyambira ndege ikachoka poimikira mpaka ikaima kumene ikupita. Maola oyembekezera pa bwalo pakati pa maulendo salipidwa pokhapokha mgwirizano utanena. Tiyerekeze tsiku la maola 12 pa ntchito lokhala ndi maulendo a maola 4 okha. Popanda lamulo lina mulandira za maola 4. Mgwirizano ukanena kuti maola awiri alionse a pa ntchito alipidwe ngati ola limodzi, mulandira za maola 6. Tsiku limenelo malipiro akwera ndi theka, peresenti ya pa ola isanakhudzidwe n'komwe. Ubwino wina ndi wakuti kampani ikayamba kulipira maola okhala chabe, imayamba kukonza ndandanda zanzeru. Malamulo a boma a Part 117, amene anayamba kugwira ntchito mu Januwale 2014, amangoika malire a chitetezo, monga maola 10 opuma musanayambe ntchito ndi maola 1,000 ouluka pa chaka. Moyo weniweni wa munthu uli m'timizere ta mgwirizano.

Palinso ndime imene timaitcha scope, yonena kuti ndi ndege ziti zimene kampani ingapereke kwa makampani ang'onoang'ono olipira zochepa. M'makampani akuluakulu malire ake ndi mipando 76 ndi kulemera kwa mapaundi 86,000. Mukafooketsa ndime imeneyi, malipiro okwerawo mudzawaona pa pepala pokha, ntchito itapita kwina. Ndime imeneyi sindilola kuti ikambidwe usiku.

Mmene a Delta anachitira

A Delta analowa kwa mkhalapakati mu Januwale 2020, anaima mu Malichi chifukwa cha mliri, n'kuyambiranso mu Januwale 2022. Sanathamangire kusaina. Mu Juni analembera okwera kalata yapoyera yofotokoza kuti akugwira ovataimu yochuluka kuposa kale lonse kuti maulendo asalephereke, ndipo kumapeto kwa mwezi womwewo anaima pa mabwalo a ndege atavala mayunifolomu, zikwangwani m'manja, pa masiku awo opuma. Palibe ulendo umene unaima chifukwa cha iwo. Kenako voti yololeza sitiraka: 96 pa 100 alionse anavota, ndipo mwa iwo 99 pa 100 anati inde.

Wina angafunse kuti voti yotere ili ndi phindu lanji poti lamulo silikulolani kunyanyala mawa. Phindu lake lili pa omvera. Mkhalapakati amaona kuti komiti ikulankhula ndi mawu a anthu onse. Eni masheya amafunsa mabwana mafunso. Munthu wofuna kugula tikiti ya tchuthi cha Khirisimasi amawerenga mutu wa nkhani, samawerenga za masiku 30 oziziritsa mitima. Ine nambala imene ndimayang'ana poyamba ndi ya obwera kudzavota. Inde wa 99 wochokera kwa theka la anthu ndi chizindikiro cha kufooka, ndipo mabwana amadziwa kuwerenga. N'chifukwa chake voti yotere simuitanitsa musanayende munthu ndi munthu kudziwa kuti abwera angati.

Kumayambiriro kwa Disembala 2022 anamvana, ndipo pa 1 Malichi 2023 anthu 78 pa 100 alionse anavomera. Malipiro anakwera ndi 18 peresenti tsiku losaina, kenako 5, 4 ndi 4, zomwe zikaunjikizana zimakwana 34 peresenti. Mtengo wonse unaposa madola 7 biliyoni kwa oyendetsa pafupifupi 15,000.

Ndime ziwiri za mgwirizano umenewu ndi zimene ndimaphunzitsa. Yoyamba ndi ndalama za m'mbuyo: aliyense analandira kamodzi 4 peresenti ya zimene anapeza mu 2020, 4 ya 2021, ndi 14 ya 2022. Ndime yotere imauza kampani kuti kuchedwetsa sikunali kwaulere, ndipo uthenga wake umagwira ntchito pa zokambirana zotsatira. Bungwe limene lasiya ndalama za m'mbuyo kamodzi laphunzitsa mabwana kuti ulendo wina azengereze kwambiri. Yachiwiri ndi ndime yoteteza wotsogola: American kapena United ikadzasaina malipiro oposa, a Delta adzakwezedwa kuti akhale pamwamba ndi 1 peresenti. Ndi mmene anachotsera minga ija. Anatsogola, koma atamanga chingwe kwa obwera m'mbuyo.

Kubwerera kwa United

Ku United kunali chipwirikiti kwa kanthawi. Utsogoleri wa nthambi ya ALPA unasintha, ndipo mu Januwale 2023 Garth Thompson anasankhidwa kukhala wapampando wa nthambiyo. Nthawi imeneyi bungwe linaika patsogolo nkhani za ndandanda, reserve ndi masiku opuma, ndipo linanena poyera kuti kufanana ndi Delta pa malipiro pokha sikukwanira. Mu Meyi 2023, nyengo ya maulendo ochuluka itayandikira, oyendetsa anachita zionetsero pa mabwalo a ndege m'dziko lonse. Mwezi womwewo a American analengeza kuti 99 pa 100 mwa ovota aloleza sitiraka, a Southwest chimodzimodzi.

Pa 15 Julayi 2023 United ndi bungwe anamvana: kukweza kwa pakati pa 34.5 ndi 40.2 peresenti pa zaka zinayi malinga ndi ndege imene munthu amayendetsa, mtengo wonse pafupifupi madola 10 biliyoni. Kuyerekeza 14.5 ndi 40 mwachindunji n'kunamiza anthu, popeza wina unali wa zaka ziwiri wina wa zinayi. Kuyerekeza koona ndi uku: kukweza kwa tsiku losaina lokha, pakati pa 13.8 ndi 18.7 peresenti, kunali pafupifupi kofanana kapena kuposa zonse za mgwirizano wokanidwa uja.

Tsopano zimene zinachitikira United chaka chapitacho zinagwera American. Iwo anali atamvana kale ndipo ankakonzekera voti, koma manambala a United atatuluka mgwirizano wawo unatsalira. APA inaimitsa voti, kampani inaonjezera ndalama zoposa madola 1 biliyoni m'masiku ochepa, ndipo mu Ogasiti anthu pafupifupi 73 pa 100 anavomera. A United anavomera wawo pa 29 Seputembala ndi 82 pa 100. A Southwest anabwera pomaliza mu Januwale 2024 ndi pafupifupi 50 peresenti pa zaka zisanu. Mabungwe atatu osiyana, ALPA, APA ndi SWAPA (la ku Southwest), aliyense anakwera paphewa la mnzake.

Msampha umene palibe anaugweramo

Chimodzi chimene sichinachitike m'miyezi imeneyi n'chofunika kuchitchula. Zokambirana zikatalika, anthu amatopa n'kuyamba kunong'onezana: tisatenge ovataimu, tidwale tonse Lachisanu, tilembe kavuto kalikonse m'buku la ndege. Lamulo limaletsa mbali zonse kusintha kachitidwe ka zinthu njira ija isanathe, ndipo makhoti sasekerera. Mu Febuluwale 1999 oyendetsa a American anadwala mwaunyinji pa mkangano wobwera kampani yawo itagula kampani ya ndege ya Reno Air, maulendo oposa 6,000 analephereka, ndipo woweruza Joe Kendall analamula APA kulipira madola 45.5 miliyoni. Mu Meyi 2017 Spirit inatengera ALPA kukhoti pa nkhani ya kukana ovataimu, n'kupeza chiletso.

Kampani sifunika kupeza kalata yosainidwa ndi wapampando. Maloya ake amabwera ndi tchati choonetsa kuti otenga ovataimu anatsika mwadzidzidzi sabata yakuti, pamodzi ndi mauthenga ojambulidwa m'magulu a pa foni. Pa kampani yathu ndinathera maola ambiri ndikuimbira anthu amene ankaganiza kuti akutithandiza, kuwapempha kuti afufute zimene alemba ndi kusiya. Chiletso chikangotuluka, bungwe limakakamizidwa kuuza anthu ake kuti agwire ntchito mwachangu, ndipo mkhalapakati amakhala ndi chifukwa chokusungani chaka china. Munthu amene watopadi kapena wadwaladi asauluke, limenelo ndi lamulo la chitetezo ndipo silikambirana. Koma asauze mnzake kuti atope naye.

FedEx

Amene amati kukana kumalipira nthawi zonse ndimawatengera ku Memphis, ku likulu la FedEx, kampani yonyamula katundu. Mu Julayi 2023, mwezi womwe United inamvana, oyendetsa ndege a FedEx anakana mgwirizano wokweza malipiro ndi pafupifupi 30 peresenti, ndipo okana anali 57 pa 100. Zifukwa zawo zinali zomveka, makamaka za chitetezo cha ntchito. Koma msika wa katundu unali ukuzizira pamene wa anthu unkatentha. Kampani inali ndi oyendetsa ochuluka kuposa amene inkafuna, ndipo tsiku lodutsa popanda kusaina silinkaiwawa. Bungwe linagawikana, atsogoleri anasinthidwa, mu 2024 linapempha kumasulidwa kwa mkhalapakati koma silinaloledwe, ndipo chaka chimenecho chinatha anthu akulandirabe malipiro akale.

A United anakana ali pamodzi, kampani yawo ikugula ndege zambiri ndi kusowa makaputeni, ndipo Delta ili pafupi kuika poyambira patsopano. A FedEx anakana atagawikana pafupifupi pakati, pa msika umene sunkawafuna mwachangu. Sunga khosi mkanda uoneka, inde, koma komiti iyenera kudziwa kaye ngati mkandawo ukubweradi, ndi kuuza anthu zoona ngakhale zili zosakoma kumva. Ndikamakonza komiti tsopano, tisanalembe ndi pempho limodzi lomwe, timayala pa tebulo zinthu zitatu: ndege zimene kampani yaitanitsa ndi masiku ake ofika, chiwerengero cha okwanitsa zaka 65 chaka ndi chaka, ndi masiku amene migwirizano ya makampani ena ikufika pokonzedwa. Komanso mpando umodzi m'komitimo ndi wa munthu amene akadali pa reserve, ndipo liwu lililonse losinthidwa m'ndime za ndandanda limadutsa m'manja mwake dzuwa lili kunja.

Mgwirizano wa Delta ukufika pokonzedwa kumapeto kwa 2026, wa American ndi wa United mu 2027. Wotsogola ulendo uno ndi Delta kachiwiri.